Chipinda cha mwana chomwe n'cha alendonso: zolemba za ntchito yathu ku Chilomoni

Loweruka, 3 Ogasiti

Kope ili ndaligula dala, chifukwa nkhani ya chipindachi takhala tikuikamba pakamwa chaka chathunthu popanda ngakhale msomali umodzi wokhomedwa. Nyumba yomwe tikuchita lendi kuno ku Chilomoni ili ndi zipinda zogona ziwiri. China timagona ine ndi bambo a kunyumba kuno, china ndi cha mwana wathu wamkazi wa zaka 9, amene akulowa Sitandade 4 sukulu zikatsegulira mwezi wamawa. Timati ndi chake, koma usiku wathawu ndinakhala pansi n'kuwerenga pa kalendala: kuyambira Januwale mpaka Julaye talandira alendo ogonera asanu ndi awiri, ndipo masiku amene mwanayu wagona pabalaza akwana 61. Miyezi iwiri yathunthu.

Sindikudandaula za alendo ayi. Kwathu ndi ku Ntcheu, kwawo kwa bambo ndi ku Mulanje, ndipo pa mabanja onse awiri ndife tokha tili mu Blantyre. Wodwala amene watumizidwa ku Gulupu, wachinyamata amene waitanidwa kukayesedwa za ntchito, wofuna pasipoti, onse amatsikira pano. Inenso chaka chomwe ndinabwera kudzafuna ntchito ndinagona miyezi inayi kwa azakhali ku Ndirande, ndipo sanandiwerengere mitanda ya nsima. Khomo lino silidzatsekedwa.

Chimene chandidzutsa ndi china. Mu Juni, chiperoni chili pachimake, alamu anga anakhala nafe masabata atatu. Mwana ankagona pa matiresi pansi pabalaza, pa simenti yozizira, ndipo sankapeza tulo mpaka akuluakulu atazimitsa TV. Tsiku lina m'mawa akufunafuna kope lake la masamu, tinalipeza pansi pa dengu la matemba omwe alamuwo anatibweretsera, mafuta atalowerera masamba onse. Sanalire. Anangolitenga, n'kulipukuta pa diresi, n'kuliika m'chikwama. Madzulo tikutsuka mbale anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Mami, kodi chipinda chija chimakhala changa masiku ati?" Ndinasowa choyankha.

Ndiye chomwe ndikufuna n'chakuti mlendo wamkazi akabwera, mwana asamatulukenso m'chipinda, ndipo zinthu zake zikhale ndi malo amene palibe angasanjikepo katundu. Nthawi yatiikira malire yokha: apongozi akubwera pakati pa Okutobala kudzachitidwa opaleshoni ya ng'ala ku chipatala cha maso cha ku Gulupu, ndipo akhala nafe mpaka adokotala atawaonanso. Ndalama ndikudalira chipereganyu cha kuntchito, chomwe chikundigwera kumapeto kwa mwezi uno. Nyumba ndi ya eni, choncho chilichonse chomwe tipange chikhale chotheka kuchinyamula tsiku losamuka.

Loweruka, 10 Ogasiti

Tabwereka tepi kwa aneba ndipo tayeza. M'lifupi mamita 3, m'litali mamita 3.3. Zenera lili pakhoma loyang'ana kumadzulo, chitseko chili pakona ya khoma loyang'anizana nalo ndipo chimatsegukira m'kati, n'kudya masentimita 81.

Kuti tiyeze bwino tinatulutsa zonse panja, ndipo m'pamene ndinachita manyazi. M'chipinda cha mwana munatuluka bedi lalikulu lomwe tinagula titangokwatirana, matumba anayi a chimanga, masutikesi atatu a zovala zomwe palibe amavala, mashini osokera opalasa ndi phazi omwe mayi anga anandisiyira, katoni ya mbale za paukwati, ndi matayala awiri a njinga. Za mwiniwake wa chipinda zinakwana m'beseni limodzi: makope, zidole ziwiri, ndi chitini cha mabisiketi momwe amasungamo mikanda, zitsekerero za mabotolo ndi kalata yomwe mnzake anamulembera posamukira ku Zomba.

Matumba a chimanga ndiwo andipweteka mtima kwambiri. Chimangacho tinathira mankhwala a ufa oteteza anankafumbwe, ndipo kafungo kake kanali kataloweratu m'makatani mpaka tinasiya kukamva. Mwana wakhala akugona mutu uli pafupi ndi matumbawo. Tawasamutsira kukhitchini lero lomwe, pa matabwa awiri kuti asagunde pansi. Kukhitchini kwapanikizika, koma zimenezo tipirira.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Masiku atatu tikukangana za bedi. Bambo ankafuna bedi losanjikiza ngati la ku sukulu yogonera konko, ati limasunga malo. N'zoona, koma apongozi ali ndi zaka zoposa 70 ndipo mawondo awo ndi otupa. Iwo agona pansi, mwana pamwamba, ndiye mu Okutobala pamwamba pafupi ndi siling'i ya nyumba ya malata ndi ng'anjo. Komanso kumanga neti pa bedi lotere n'kovuta, ya pamwamba imasowa pomangirira ndipo ya pansi imasiya mipata m'makona. Ine ndinkafuna bedi lokhala ndi linzake lamatayala lokoka kuchokera pansi. Ndinaliganizira bwino usiku n'kuona kuti vuto silichoka: agogo sangagone pa lapansilo chifukwa kudzuka kungawavute, ndiye kuti mwana apereka bedi lake n'kutsikira pansi, monga kale.

Madzulo ano tinatenga choko cha mwana n'kujambula pansi, pa simenti yofiira ija. Matiresi a munthu mmodzi ndi masentimita 91 m'lifupi ndi 188 m'litali. Tikawonjezera matabwa, bedi likhala pafupifupi 97 ndi 195. Poyamba tinajambula awiri moyang'anizana, pakati n'kutsala kanjira ka masentimita 106. Anakwana, koma chipinda chinaoneka ngati wodi ya kuchipatala. Tinafufuta ndi chisanza chonyowa n'kujambulanso mokhota ngati chilembo cha L: lina motsatira khoma la zenera, lina motsatira khoma lalitali, kutali ndi chitseko. Pakati panatsala bwalo la mamita awiri kwinaku ndi kwinaku, ndipo pakona ya zenera panatsala masentimita 105, pokwana tebulo lowerengera.

Mwana analowa m'kati mwa mizere ya choko n'kugona chagada pa simenti, kenako n'kusamukira pa mzere winawo, kuyesa onse. Anasankha la kukhoma lalitali, ati akagona pamenepo amaona phiri la Michiru pa zenera. Ndinagwada n'kuyang'ana momwe amayang'anira, ndipo likuonekadi, kansonga kokha pamwamba pa mtengo wa mapeyala wa aneba. Zaka zinayi m'nyumba muno, sindinkadziwa.

Bedi lalikulu tiligulitsa, koma matiresi ake tisunga.

Lamlungu, 18 Ogasiti

Lero tinakamba nkhani yomwe tonse timaizemba: mlendo akakhala wamwamuna, zikhala bwanji? Ine ndinanena mosapita m'mbali kuti mwamuna aliyense, kaya ndi mchimwene wanga weniweni, sagona chipinda chimodzi ndi mwana wathu, ndipo amene azisamukira pabalaza ndi mlendoyo osati mwana. Sikuti ndikukayikira wachibale wina aliyense. Koma nkhani za ana ochitidwa zoipa zomwe timamva pa wailesi, kawirikawiri wochitayo sakhala munthu wachilendo wodutsa mumsewu, amakhala wodziwika pakhomo. Ndipo mwanayu zaka ziwiri kapena zitatu zikubwerazi atha msinkhu, afunika povalira ndi posungira zinthu zake mosaonedwa.

Bambo anavomera za anyamata, koma anaima pa malume awo. Ati munthu amene anawalipirira fizi ya sekondale, amene anakaimira pa chinkhoswe chathu, sangamuyalire pabalaza ngati mnyamata wobwera kudzaonera mpira. Ndinawamvetsa. Kumudzi funso lotere silibwera n'komwe, chifukwa anyamata ali ndi mphala yawo, atsikana amagona kugowelo kapena kwa agogo, ndipo mlendo wamkulu amapezeredwa nyumba kwa wachibale. Kuno mudzi wonsewo tikuupanikiza m'zipinda ziwiri. Chipinda chathu sitingachipereke, mwambo sulola.

Tagwirizana motere. Anyamata ndi abambo anzathu amsinkhu wathu azigona pabalaza pa matiresi aakulu aja, omwe masana aziimikidwa kuseri kwa kabati. Akabwera malume kapena bambo anga, mwana apereka chipinda, koma ine ndizigona naye pabalaza, ndipo pa bedi lake sipagona munthu. Mlendo agwiritsa ntchito bedi la alendo lokha. Pa zaka zinayi akuluakulu awiriwa abwera katatu kokha, ndiye si mtolo. Tiikanso kachitsulo kotsekera m'kati pa msinkhu woti mwana afikire, kakang'ono koti titati takankha mwamphamvu pa ngozi kangathe kuzuka.

Titamaliza tinamuitana n'kumufotokozera zonse. Anafunsa funso limodzi: "Adadi, nanga agogo akamaliza mkonono?" Bambo anaseka n'kunena kuti iwo anapirira mkonono womwewo zaka 18.

Loweruka, 24 Ogasiti

Bedi lalikulu litachoka, khoma lakumadzulo laulula zomwe linkabisa. Kuchokera pansi mpaka m'mawondo penti watupa, ndipo pakona pali chuku chakuda. Ndikukumbukira pomwe zinayambira: mu Malichi 2023, masiku a namondwe Freddy, mvula itagwa osalekeza, madzi anaima kuseri kwa nyumba. Ife tinangonyowa khoma pomwe anzathu ku Chilobwe ndi ku Soche anataya miyoyo ndi nyumba, ndiye sitinaone ngati ndi nkhani. Tinakankhirapo bedi n'kuiwala. Mwana wakhala akutsokomola nyengo yozizira iliyonse.

Tinazungulira kuseri ndi bambo kukaona gwero. Dothi lomwe madzi anakokolola kumtunda linaunjikana pakhoma mpaka kupitirira pomwe pali simenti ya m'nyumba, kangalande kanakwiririka, ndipo madzi otsika pa malata amagwera pomwepo n'kuthovukira kukhoma. Kupaka penti m'kati osakonza kunja kukanakhala kutaya ndalama.

Alandilodi abwera masana, munthu wamkulu wodekha. Anagogoda khoma ndi kiyi n'kumva pomwe pulasitala wasiyana ndi njerwa. Avomera kugula thumba la simenti ndi kulipira mmisiri wokonza ngalande, ndipo theka la mtengo wa penti tidzachotsera pa lendi. Atiloleza kukhoma mbedza zazing'ono ndi waya wa katani, koma osaboola khoma poika mashelefu. Ndinawapempha kuti zonsezi tilembe pa pepala n'kusainirana, ndipo sanakane. Bambo achotsa dothi ndi fosholo madzulo ano. Tapala penti wotupayo ndipo zenera lizikhala lotsegula tsiku lonse. Nyengo ino ndi youma, khoma likhala ndi mwezi wathunthu woti liume.

Loweruka, 31 Ogasiti

Chipereganyu chalowa dzulo, ndipo lero ndinali kwa kalipentala ku Ndirande, bambo wina amene anapangira mnzanga kabati zaka zisanu zapitazo ndipo mpaka pano sinapindike. Ndinapita ndi pepala la miyeso ndipo tinakhala pa benchi lake ola lathunthu.

Pa matabwa, anandiyalira atatu. Mlombwa ndi wokongola, chiswe sichiukonda, koma mtengo wa bedi limodzi la mlombwa ukanadya ndalama ya mabedi onse awiri. Mbawa chimodzimodzi. Tatsalira pa paini wa ku Chikangawa. Iye anandichenjeza kuti paini wambiri wofika pa msika amakhala wosauma, ndipo bedi lopangidwa ndi matabwa aawisi pakatha miyezi iwiri limapindika n'kuyamba kulira m'malumikiziro. Anandinyamulitsa matabwa awiri ofanana: lina linali lolemera, lozizira m'manja, utomoni ukumata zala, linalo lopepuka, logogoda bwino. Ali ndi ouma okwana bedi limodzi, a linalo awaimika pamthunzi masabata awiri. Ndavomera kudikira.

Tili pomwepo, mnyamata wina anandikokera pambali n'kunong'oneza kuti angandipezere mkungudza, ati fungo lake limathamangitsa tizilombo. Ndinakana. Mkungudza wa ku Mulanje ndi mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984, ndi woletsedwa kudula, ndipo watsala pang'ono kutheratu paphiri paja chifukwa cha malonda onong'ona omwewa. Apongozi amakamba za nkhalango yomwe ankaiona ali mtsikana. Sindingawagoneke pa zotsala zake zakuba.

Zomwe ndamuuza kalipentala ndi izi. Bedi la alendo, matiresi ali pomwepo, likhale masentimita 48 kuchokera pansi, kuti munthu wamkulu akakhala mapazi azigunda pansi ndipo adzuke osagwira khoma. Muyesowu ndinautenga pa mpando womwe apongozi amaukonda pabalaza. Mabedi onse alumikizidwe ndi mabawuti osati misomali, kuti tizitha kuwamasula posamuka. Matabwa ogonekapo matiresi akhale ochotseka limodzilimodzi. Pakona iliyonse pakhale kamtengo kozuka komangirapo neti, chifukwa siling'i yathu ndi ya bolodi lofewa losagwira mbedza. Pansi pa bedi la mwana pakhale madirowa awiri akuluakulu. Pansi pa la alendo pakhale pululu, polowa chikwama kapena dengu la mlendo.

Za matabwa ochotsekawo anandiyang'ana n'kumwetulira, anadziwa chifukwa chake ndisananene. Nsikidzi sizisankha nyumba yaukhondo kapena yauve, zimayenda m'zikwama kuchokera m'mabasi, m'mawodi ndi m'mahositelo, ndipo zimabisala m'ming'alu ya bedi. Bedi lomasuka umalitulutsa padzuwa n'kulithira madzi owira mlendo atapita, osamuchititsa manyazi. Ndapereka theka la ndalama, theka linalo pa tsiku lotenga.

Lachinayi, 12 Seputembala

Sabata yatha sindinalembe. Tinali ku maliro a msuweni wanga ku Ntcheu. Thiransipoti, chipepeso ndi ufa zadya ndalama yomwe ndinasungira tebulo lowerengera ndi kabati kakang'ono. Zimenezo zagwa.

Pobwerera m'basi ndinakumbukira mashini a mayi. Ndi aja oti mutu wake umapindikira m'kati, pamwamba n'kutsala thabwa losalala. Ndawayeza usiku uno: masentimita 90, ndipo pakona ya zenera pali 105. Ndamukhazika mwana pa mpando n'kuona kuti ndi aatali pang'ono kwa iye, koma mtsamiro umodzi pa mpando ukukonza zimenezo, ndipo mapazi ake akupeza popondera pa chopalasira chija. Ndamasula lamba kuti gudumu lisamazungulire n'kumupana chala. Timadirowa take tiwiri ta m'mbali, momwe mayi ankasungamo ulusi ndi mabatani, waikamo kale mapensulo. Fungo la mafuta a mashini likadalimo.

M'malo mwa kabati, tigula thiranki yachitsulo yonga ya ana a ku sekondale, yokhala ndi loko. Kiyi mmodzi wake, wina wanga.

Loweruka, 21 Seputembala

Khoma lauma. Ndinamata kapepala ka pulasitiki pamalo ponyowa paja n'kukasiya masiku awiri. Pochotsa kunsi kwake kunalibe thukuta. Mmisiri wamata pulasitala pomwe panagumuka ndipo ngalande ya kuseri yatha.

Nkhondo ya sabata ino inali ya mtundu wa penti. Mwana amafuna pinki makoma onse anayi, ndi siling'i yomwe. Bambo ati malume awo sangagone mu keke ya paukwati. Ine ndinkaganiza za dzuwa: zenera loyang'ana kumadzulo limalowetsa kuwala kofiirira madzulo, ndipo pinki wowala akanapangitsa chipinda kuoneka chotentha kuposa momwe chilili. Tathera poti makoma atatu akhale oyera mopita ku kirimu, ndipo khoma la bedi lake lokha likhale la mtundu womwe wasankha yekha. Kusitolo anaima nthawi yaitali pa kapepala ka mitundu, ndipo pomaliza sanasankhe pinki n'komwe, anasankha wobiriwira mofewa ngati tsamba la nthochi lanthete. Ndinangokhala chete n'kulipira.

Tagula penti wamadzi, wa PVA, chifukwa amauma msanga, fungo lake silichedwa kutha, ndipo amalola khoma kupuma. Penti wamafuta ndamupewa dala. Ena mwa mapenti amafuta, makamaka achikasu ndi ofiira owala, amakhala ndi mtovu, ndipo mtovu ukalowa m'thupi la mwana kudzera m'fumbi kapena tizidutswa ta penti umawononga ubongo mosabwezeka. Felemu ya zenera ndi chitseko zili ndi penti wamafuta wakalekale amene akusupuka. Ndauza bambo kuti asakhule ndi sandipepala pouma. Anyowetsa kaye, apala pang'onopang'ono ndi mpeni pa nyuzipepala zoyala pansi, takulunga zonse n'kutaya, ndipo takolopa kawiri mwana ali kwa aneba.

Mitengo ya zinthu ikundidabwitsabe. Chichokereni kugwa kwa kwacha kwa mu Novembala 2023, mtengo womwe wafunsa Lolemba sungaudalire pofika Loweruka. Chidebe chomwe ndinafunsa mu Ogasiti ndachipeza chitakwera.

Chinthu chimodzi sitinapake. Kuseri kwa chitseko kuli timizere ta pensulo tomwe bambo ake amalemba tsiku lake lobadwa chaka chilichonse, kuyambira ali ndi zaka 5, pambali pake pali deti. Ndinazungulira malowo ndi tepi yomata, ndipo pakhoma loyera latsopano patsala kachigawo kachikasu kakale kotalika ngati mkono. Alandilodi adzatikhululukira.

Lamlungu, 29 Seputembala

Tapaka kawiri, dzulo ndi lero. Mwana anapatsidwa bulashi yaing'ono ndi pansi pa khoma lake lobiriwira. Mizere yake ikuoneka, ndipo ndaletsa bambo kubwerezapo.

Kalipentala waimba kuti bedi loyamba latha, lachiwiri akupaka vanishi.

Loweruka, 5 Okutobala

Tsiku lonse ku Limbe. Matiresi ndinayesa ndi bondo, osati ndi dzanja: ukagwadapo n'kumva thabwa kunsi, ameneyo pakatha chaka adzakhala chikondamoyo. Ndatenga awiri a siponji yolimba, okhuthala mainchesi 6. Apongozi moyo wawo wonse agona pa mphasa ndi matiresi opyapyala, ndipo ulendo watha anadandaula kuti bedi lathu lofewa linawathyola msana, ndiye kulimbako kuwakomera. A bedi la alendo ndawagulira makintoshi yovekera, poti pogona pamenepo nthawi zambiri ndi odwala.

Maneti ndagula awiri a makona anayi, onyikidwa kale m'mankhwala. Yozungulira yomangirira pamalo amodzi ija imagwera kumaso ndi kumapazi, ndipo mwana akagubuduka mkono umagunda neti, udzudzu n'kumuluma kudzera pomwepo. Ndawayanika pamthunzi pakhonde, akhala mpaka mawa madzulo kuti asamayabwe pakhungu. Mvula ikayamba mwezi wamawa udzudzu uchuluka, ndipo chaka chatha malungo anamugoneka sabata yathunthu ya mayeso.

Pa kaunjika ndinapeza makatani awiri okhuthala a zenera, otchinga dzuwa la masana. Katani yotchinga pakati pa chipinda ndasoka ndekha ndi zitenje ziwiri zofanana, ndipo kuti ndisoke ndinabwezera kaye lamba pa mashini. Waya tamanga kuchokera pakhoma la zenera kufika pakhoma la chitseko, kudutsa pakati pa mabedi awiriwo. Masana katani izikhala yokankhidwira kukhoma. Wina akafuna kuvala kapena mwana akamawerenga usiku agogo atagona, azikoka.

Nyale ya sola yomwe tinali nayo pabalaza yasamukira kuchipindaku. Magetsi akazima usiku, munthu wa diso limodzi lomatidwa sangapapase njira ya kuchimbudzi mumdima. Ndaikhomera mbedza pamutu pa bedi la alendo, pofikira dzanja.

Loweruka, 12 Okutobala

Mabedi afika pa kalole kakang'ono Lachinayi. Pomanga tinapeza kuti la alendo latalika ndi masentimita atatu kuposa pa pepala, ndipo likugunda mashini osokera. Tinasuntha mashiniwo mpaka kukhoma ndipo zakwana, ngakhale kadirowa ka kumanzere kakutseguka theka lokha. Dirowa limodzi la pansi pa bedi la mwana likulimba potseka. Kalipentala wati tipake kandulo m'mbali mwake, tapaka, likuyenda. Timitengo ta neti taima bwino. Ndakhala pa bedi la alendo n'kudzuka kasanu osagwira paliponse.

Thiranki yalowa kumapazi kwa bedi lake. Waikamo chitini cha mabisiketi, makope a chaka chatha, ndi kope la masamu la mafuta a matemba lija, lomwe sindinkadziwa kuti akusungabe. Kiyi wamumangirira pa ulusi m'khosi, ndipo ndamuuza kuti kusukulu asamapite naye.

Zotsala: kachitsulo ka pachitseko bambo agula koma sanakhome, mbedza zinayi zokolekapo zovala za mlendo kuseri kwa chitseko, motalikirana ndi timizere ta pensulo, ndowa yokhala ndi chivindikiro ya usiku, kalilole. Kalipeti yomwe ndinkafuna kuyala pakati ndaisiya, chifukwa imasunga fumbi ndipo munthu wosaona bwino angakodwe m'mphepete mwake. Tiyala mkeka masana okha mwana akamasewera.

Apongozi anaimba madzulo pa foni ya mdzukulu wawo. Anyamuka Lolemba m'mawa pa minibasi, ndipo bambo akawachingamira ku Limbe. Ndinawauza kuti, "Amayi, ulendo uno mugona ndi mdzukulu wanu chipinda chimodzi, aliyense bedi lake." Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ndiye bwino, azindithira mankhwala m'maso ndi iyeyo, manja ake ndi opepuka." Ndinawayankha kuti mankhwala ndizithira ine monga atiuzire kuchipatala, iye azingosunga nthawi.

Mwana anamva zonse. Watenga pepala, walijambula mizere ya masiku ndi maola, ndipo walimata ndi tepi pakhoma loyera pamutu pa bedi la agogo, m'munsi mwa nyale. Maola wasiya osalemba, akudikira kuti adokotala anene. Usiku uno akugona koyamba pa bedi lake, neti yatsitsidwa, ndipo wapempha kuti katani ya zenera isatsekedwe yonse.